Denga la a Killian

Lewisham, London
25 Sepitembala 2022

Okondedwa Atate,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Amayi ndi wa mwana wanga Atikonda. Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa kamene kamandigwira nyengo ikamatembenuka kabweranso. Poti pa foni ndimangokuwa inu osandimva, ndaganiza zoti ndizilemba. Ndizijambula kalata n'kutumiza pa foni ya mlongo wanga Bonface, iye azikaisindikiza pa Mponela kuti muziwerenga nokha pakhonde popanda wokuthamangitsani.

Munafunsa kuti kwenikweni ndimachita chiyani kuno. Kampani yathu yosamalira okalamba inandiika m'nyumba ya agogo ena aamuna, dzina lawo a Killian, ndipo ndimagona momwemo. Ndimawasambitsa, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana ali naye mmodzi, Brenda, mphunzitsi, koma amakhala kutali kumpoto ndipo amabwera mwa apo ndi apo.

Sabata yatha a Killian anawagoneka kuchipatala chifukwa cha chibayo. Patangopita masiku kunabwera mayi wina wa ku khansolo kudzayendera nyumba. Atalowa kuchipinda kwawo anayang'ana kumwamba, naona chuku chakuda chimene chayanga pa siling'i, naonanso beseni limene ndimatchera madzi mvula ikamagwa. Anati munthu wa mapapo ofooka sangamubwezere m'nyumba yachinyontho. Denga likonzedwe chisanu chisanafike, apo ayi a Killian apita ku nyumba yosungirako okalamba. Nditakawafotokozera kuchipatala anangotembenukira kukhoma. Kenako anati m'nyumba mwawo amadziwa pamene pali chitseko chilichonse ngakhale atatseka maso, ndipo pa msinkhu wawo sakufuna kuyambanso kuphunzira zitseko za eni.

Tsono Atate, inu amene mwakhoma madenga a matchalitchi ndi masukulu kuyambira ku Dowa mpaka ku Ntchisi, tamverani izi. Denga la nyumba ino si la malata, si la matailosi. Ndi la miyala. Mukukumbuka masileti amene munkati munkalembapo ku sukulu ya mishoni? Ndi omwewo, akuda motuwira, opyapyala ngati mbale. Anawayala mosanjikiza ngati mamba a nsomba, lililonse ndi misomali yake. Akuti anawasema m'mapiri a ku Wales, ndipo akhala pamwambapo zaka zoposa zana limodzi. Nditamva zimenezi ndinatuluka n'kukaima tsidya la msewu, kumangoyang'ana. Amene anawakhoma anafa, ana awo anafa, nkhondo zikuluzikulu zadutsa, koma mwala uli pomwe anauika. Akuti chimene chatopa si mwalawo, ndi misomali.

Kumeneko ndikudziwa mitambo iyamba kusonkhana posachedwa. Ndatumiza kangachepe kwa Bonface. Agule misomali yazipewa ija ndi malata a kuchipinda kwa Atikonda, pamene pankadontha chaka chatha. Ayang'anenso mtanda wa kukhitchini, ndinaonapo chiswe ndisananyamuke. Koma Atate, ndapota nanu, musakwere. Inu muziima pansi n'kumaloza ndi ndodo, wokwera akhale Bonface. Bondo lanu mukulidziwa.

Ndine mwana wanu,
Peggy


9 Okutobala 2022

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Yankho lanu Bonface anandijambulira, ndipo ndinaseka ndekha m'basi poona kuti tsamba lonse mwalemba za denga la mzungu, za Atikonda kamzere kamodzi. Ine ndikupezako bwino, chifuwa chija chachepa.

Brenda wavomera kuti ntchito iyambe, ngakhale wavomera mokayika. Mmisiri tamupeza kutchalitchi kwathu, ndi a Phineas. Iwowa anabadwira ku Zimbabwe, koma agogo awo anachokera ku Ntchisi kukalima fodya m'mafamu a azungu, osabwereranso. Ku Malawi sanapondeko. Chichewa chawo ndi cha agogo awocho, chakalekale, chosakaniza ndi Chishona, moti akati, "Mlongo, tandipatsirani nyundo," ndimamva ngati akulankhula ndi munthu wa m'nthawi ya atate anu.

Lolemba kunabwera lole yodzaza mapaipi achitsulo. Anyamata ake anamanga nsanja kuzungulira nyumba, kuchokera pansi mpaka kudenga, dzuwa lisanapendeke. Ntchito yaikulu chonchi kuno salola kuigwira ndi makwerero okha. Nsanjayo ili ndi matabwa oyendapo ndi zogwirira, ndipo ndinakumbuka momwe inu munkayendera pamtanda umodzi wa bulugama, opanda nsapato, misomali ili kukamwa.

Ndinawawerengera a Phineas mawu anu aja, oti madzi ali ngati wakuba, pamene wamupeza si pamene analowera. Anaseka, nati amene anawaphunzitsa ntchito ankanenanso zomwezo. Ndipo n'zoonadi. M'chipindamo mukudontha chakutsogolo, koma polowera apeza kumbuyo, m'mbali mwa chumuni, pamene mtovu wotsekera unang'ambika. Choipa n'chakuti atanyamula masileti apeza timatabwa topingasa tambiri tawola. Ntchito imene ankati ya sabata imodzi yasanduka yosasula mbali yonse.

Lachisanu ndinakawazonda a Killian. Nditawauza kuti atate anga ndi okhoma madenga anatsegula maso, nafunsa kuti kwathu timafolera ndi chiyani. Ndinati malata, koma kale unali udzu. Pamenepo anandigwira dzanja. Akuti nawonso anabadwira m'nyumba ya udzu, ku Ireland, m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo chaka chilichonse mphepo isanayambe ankathandiza bambo awo kumangirira udzuwo ndi zingwe, kunsonga kwa zingwezo n'kupachikako miyala kuti denga lisauluke. Anabwera kuno ali mnyamata kudzakumba ngalande za sitima zapansi panthaka, akuti kwa zaka ziwiri zokha. Mayi awo atamwalira sanapitenso. Anangomva kwa anthu kuti denga lija linagwera mkati, m'nyumbamo mwamera minga.

Atate, sindinkadziwa kuti mzungunso amatchona. Ndatha masiku ndikulingalira zimenezi. Ndikatsikira pansi kukakwera sitima ndimayang'ana makoma aja n'kumati mwina pano panadutsa fosholo ya munthu amene lero ndimamuveka masokosi.

Popeza iwo ali kuchipatala, kampani ikumandituma kukayendera okalamba ena ku Thamesmead, kumene ndimachita kusintha mabasi, ndipo maola andichepetsera. Brenda wandilola kuti ndizigonabe m'nyumba muno. Pali zina zimene a kuofesi ayamba kulankhula, koma si za m'kalata. Mwezi uno nditumiza mochedwerako. Amayi asade nkhawa, za feteleza sindinaiwale.

Mundiuze ngati Bonface wayamba.

Mwana wanu,
Peggy


30 Okutobala 2022

Okondedwa Atate,

Moni kwa inu, kwa Amayi ndi kwa Atikonda. Ine ndili bwino. Lero kuno abweza nthawi m'mbuyo ndi ola lathunthu, dziko lonse, mwalamulo, ndipo palibe amene akudabwa kupatula ine. Faifi koloko isanakwane kunja kwada kale.

Bonface wandiuza zonse. Musamukalipire, ndinachita kumuumiriza. Akuti anangopita kukawonjezera misomali, pobwera anakupezani muli pansonga pa denga, mwakhala ngati mwakwera bulu, mukuimba. Tsiku limenelo ndinakulemberani kalata yaukali. Sindinaitumize, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Dzulo kunacha kopanda mtambo. Ndinawatengera a Phineas tiyi pansi pa nsanja, iwo n'kundiitana ali pamwamba kuti ndikwere ndidzaone ndi maso anga, kuti ndikathe kuwafotokozera bwino a Killian. Ndinayamba ndakana. Anatsika, nandiveka chipewa cholimba ndi lamba wachingwe, nati ndiziyang'ana manja anga okha, osati pansi. Nditafika pathabwa lomaliza anati, "Tsopano dzutsani mutu, mlongo."

Atate, ndakhala mumzinda uno chaka ndi miyezi, koma ndinali ndisanauone. Pansi pano munthu umangoona khoma, basi ndi msana wa mnzako. Pamwamba paja madenga anangondanda mpaka polekezera maso, akuda, ofiira, ena akunyezimira ndi mame, mizeremizere ngati munda waukulu wongolimidwa kumene. Machumuni osawerengeka. Chakumpoto nyumba zazitali zagalasi zija zinkayaka ndi dzuwa ngati zagwira moto, ndipo ndege zinkadutsa mondondozana ngati wina wazitunga pa ulusi umodzi. Mitengo yonse masamba ake asanduka ofiira ndi achikasu, monga amachitira mombo wa kwathu, kungoti wathu amafiira pophuka, ya kuno imafiira pofa. Ndili chiyang'anire, panadutsa gulu la zinkhwe zobiriwira, zikulongolola, pafupi kwambiri moti ndinamva mphepo ya mapiko ake kumaso. Zinkhwe, Atate, mu London muno, zopanda mwini.

A Phineas anandionetsa zimene akuthamangira. Kuno chowopsa si mvula yokha. Madzi akalowa mumng'alu, usiku n'kuundana ndi chisanu, amafufuma mpaka kuswa mwala. Madzi omwewa timamwawa. Kenako anandipatsa sileti lakale ndi kanyundo kuti ndiligogode. Linalira ngati kabelu. Akuti lolira choncho likadali moyo ndipo libwerera padenga, koma lolira ngati mbale yong'aluka amataya. Ndinakhala pamenepo ndikugogoda, kupatula amoyo ndi akufa, mpaka ndinaiwala kuti ndili m'mwamba.

Potsika m'pamene ndinaganiza za inu. Zaka zonsezi munkaona dziko limene ife apansi sitinkaliona, ndipo simunatiuzepo. Sindikunena kuti muzikwera. Ndikungoti ndamva. Mtima ukakukanikani, Bonface akhale atagwira makwerero, ndipo mukwere m'mawa malata asanatenthe.

A Killian awachotsa m'chipatala muja, awapititsa kumalo ena kumene amaphunzitsa odwala kuyendanso, kuti azidikira kumeneko. Ndinawafotokozera zonse zimene ndinaona. Pa zinkhwe paja anaseka mpaka kutsokomola.

Muuzeni Atikonda kuti chithunzi chake cha yunifolomu ndachiona, koma kolala aziipinda.

Mwana wanu,
Peggy


20 Novembala 2022

Okondedwa Atate,

Pepani chifukwa chokhala chete. Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ine ndilipo. Mukaona zilembo zapendama ndi chifukwa cha bandeji ya kudzanja. Sileti likasweka limacheka ngati lumo, koma bala likupola.

Ndasangalala kumva kuti mvula yoyamba inakupezani mutamaliza, ndi kuti Atikonda anagona pouma. Kuno sizinatero. Mwezi uno mvula sikupuma, ndipo a Phineas sangayale masileti poterera. Mbali yosasula ija anaiphimba ndi lona, chinsalu chosalowa madzi. Lachiwiri lapitali kunabwera mphepo imene sindinaionepo. Inayamba m'mawa, ikulira m'mapaipi a nsanja ngati anthu ambiri akuimba pamaliro patali. Ine ndinapita ku Thamesmead. Pobwera ndinapeza lona lili pamtengo wa aneba, siling'i ya kuchipinda kwa a Killian yagwera pabedi pawo. Ndinaima pakhomo la chipindacho n'kumaona mitambo ikuthamanga pamwamba pa mapaso. Mantha anandigwira, koma maso sindinathe kuwachotsapo.

Amene amathandiza a Phineas wasiya, wapeza ntchito ya m'nyumba mofunda. Brenda wati basi, zakwana. Wakaona kale nyumba ya okalamba kufupi ndi kwawo, akuti ndi yaukhondo, ili ndi dimba la maluwa. Sindikumuweruza, Atate. Amaphunzitsa sabata yonse, Loweruka n'kuyendetsa galimoto theka la tsiku kubwera kuno, ndipo maso ake ndi a munthu wosagona. Akubwera Loweruka likudzali kudzawauza a Phineas kuti angotsekapo bola patsekeka, nyumba igulitsidwe momwe ililimo.

A Killian sanauzidwe, koma akudziwa. Chakudya akungochiyang'ana. Dzulo sanandifunse n'komwe za denga.

Iwo akapita kumpotoko sindikudziwa kuti kampani indiponya kuti, ndipo mapepala anga okhalira kuno ali m'manja mwa kampaniyo. Izi musawauze Amayi. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Peggy


13 Disembala 2022

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chimanga chamera mofanana. Ine ndili bwino, dzanja lapola. Khalani pansi bwinobwino, kalata iyi njaitali.

Tsiku lomwe ndinakulemberani lija, pa mapemphero a masana, a Phineas anaimirira nthawi ya zolengeza. Sanapemphe chopereka. Anangoti pali mdala wina wotchona, denga lake lili yasa, ndipo akusowa manja. Loweruka m'mawa mvula inakata. Anthu anayamba kufika: manesi ongoweruka kumene ku ntchito ya usiku maso ali psuu, dalaivala wa basi, amayi a kwaya, ena ochokera kutali ku Barking. Odziwa ntchito yomanga anakwera. Ena tonse tinaima mzere kuchokera pamsewu mpaka pachingwe chokwezera, kupatsirana masileti dzanja ndi dzanja, monga tinkachitira ndi njerwa pomanga tchalitchi cha kwathu. Wina anayambitsa nyimbo. Aneba anatsegula mawindo. Mayi wa ku Jamaica wa nyumba yoyandikana nafe, amene lona lathu linakodwa pamtengo wake, anatulutsa ketulo ndi makapu onse a m'nyumba mwake.

Brenda anafika ntchito ili mkati. Anaima pageti, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinapita kukamulonjera. Anafunsa kuti anthu onsewa ndani, nanga akuwalipira ndani. Ndinati palibe. Anafunsanso ngati amawadziwa bambo ake, ndinati ayi.

"Nanga abwereranji?" anatero.

Ndinayesa kumumasulira mwambi wathu woti mutu umodzi susenza denga, koma m'Chingerezi unatuluka wopunduka, moti sindikudziwa ngati anamva. Anayang'ana mzere uja kwa kanthawi. Kenako anavula jekete lake labwino, naliika pampanda, nalowa pakati pa ine ndi nesi wina. Za nyumba ya okalamba sanazitchulenso.

Zotsala a Phineas anamaliza m'masabata awiri: mtovu watsopano pachumuni, magatala oyendamo madzi a mvula m'mphepete mwa denga, siling'i yatsopano. Pakati pa siling'i ndi denga anayalamo chofunda chonga thonje lachikasu, chokhuthala kufika m'chigongono, choti kutentha kusathawe. Mayi wa ku khansolo uja anabwera, nagwiragwira makoma, nanunkhiza, nati zili bwino. Lachisanu a Killian anabwerera kwawo. Aonda moti mphete ikuvuka yokha pachala.

Tsono Lamlungu madzulo kunagwa sinoo, chipale chofewa chija timangochiona pazithunzi. Atate, ndikufotokozereni bwanji? Mvula ya kwathu imalengeza pamalata isanalowe. Ichi chimabwera ngati mlendo wovula nsapato pakhomo. Dzulo m'mawa nditatsegula katani, msewu wonse unali mbuu ngati mudzi wonse wayanika ufa tsiku limodzi: magalimoto, mipanda, ngakhale kanthambi kakang'ono kali ndi gawo lake. Ndipo kunali zii. Mzinda umene sutseka pakamwa unali zii. Pabwalo panali mapazi a nkhandwe okha. Ndinatuluka ndi masilipasi, ndinachigwira, ndinachilawa, ndinalira osadziwa chondiliza.

Lero a Killian anati akufuna kutuluka. Ndinakana, koma anaumirira, ndipo mwamwayi a Phineas anali atabwera kudzaona ngati zonse zili bwino. Tinawakulunga m'mabulangete, tinawakweza pachikuku, n'kuwawolotsa msewu. Titatembenuka ndinaona chodabwitsa. Madenga a aneba chipale chinali chitasungunuka mawangamawanga, madzi akudontha. Lathu lokha linali loyera lonse, kuchokera pansonga mpaka m'mphepete, osaoneka sileti ndi limodzi lomwe. Ndinada nkhawa kuti mwina talakwitsa penapake. A Phineas anati ayi, madenga enawo akusungunula chifukwa moto wa m'nyumba ukuthawira kumwamba, pamene lathu lagwira kutentha konse mkati, ndiye kunja kwake sikumva kanthu.

A Killian anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa, m'chisanu chonsecho, monga amachitira munthu polowa m'tchalitchi. Nditati ndiwavekenso anagwira dzanja langa, nati, "Dikira kaye, mwana wanga." Tinadikira, mpweya ukutuluka m'kamwa mwathu ngati utsi. Atakhutira anavala okha, nati ali ndi njala, ndikawakazingire mazira.

Za Khirisimasi ndatumiza kwa Bonface. Atikonda mumugulire nsapato zokulirapo pang'ono, phazi lake likuthamanga.

Mwana wanu wokukondani,
Peggy


22 Januwale 2023

Okondedwa Atate,

Chaka chabwino kwa inu nonse, ngakhale ndachedwa. Ndamva kuti Amayi malungo aja achira, ndathokoza Mulungu. Ine m'thupi ndili bwino.

A Killian anatisiya sabata yoyamba ya mwezi uno. Khirisimasi anadyera pathebulo pawo, Brenda ali pambali, ndipo masiku amenewo ankadya ndi kucheza ngati munthu amene wachira. Tsiku lake kunali m'mawa. Anamwa tiyi, nati atsamireko pang'ono. Pamene ndinkabwera kudzatenga kapu n'kuti atapita, ali pabedi pawo, nkhope ili chakuwindo. M'nyumba yawo yokonzedwayo sanakwanitsemo mwezi.

Kuno maliro amatha masabata ali kwa osunga mitembo, ndipo ambiri safikanso pakhomo. Koma Brenda anati kwawo kwa bambo ake sachita choncho. Tsiku loti mawa tiika, anawabweretsa kunyumba, nawagoneka pabalaza, bokosi lili chotsegula. Anatseka makatani, naimitsa wotchi ya pakhoma. Atate, ndinkayesa siwa ndi yathu yokha. Kunabwera madala a ku Ireland oyenda ndi ndodo, anzawo amene ankakumba nawo pansi pa mzinda uno, manja awo ngati mizu ya mtengo. Anakhala mozungulira bokosi, kumwa, kusimba za malemu, kuseka, kupukuta misozi. Mmodzi anatseka maso n'kuimba yekha m'chilankhulo chawo, popanda ng'oma kapena limba, ndipo ngakhale sindinamve liwu ndi limodzi, tsitsi linandiima. Atamaliza, amayi a kutchalitchi kwathu, amene anali atakhala pansi m'khonde la mkati ndi pamasitepe atavala zitenje, anayankha ndi yathu. Madala aja anatsitsa matambula n'kumvetsera.

Masana onsewo mvula inali ikukhuthuka, yamphepo, yomenya mawindo. Nthawi ina ndinakwera kuchipinda kwa a Killian kukatenga mpando, ndipo ndinangozindikira ndaima pakati, ndikuyang'ana siling'i. Nditacheuka ndinaona a Phineas ali pakhomo, nawonso khosi lili m'mwamba. Kumbuyo kwawo kunali Brenda, chimodzimodzi. Aliyense anabwera payekha, mozemba. Tinayang'anana, ndipo tinaseka, Atate, pamaliro, mpaka Brenda anakhala pansi n'kuyamba kulira kumene sanalire chimwalirireni bambo ake. Siling'i inali youma gwa.

Pali wachibale wina amene ananena pamaliropo kuti ntchito yonse ija inangopita pachabe, poti munthu wake sanakhalitsemo. Brenda anamuyankha kuti bambo ake anafera kwawo, ndipo pali anthu odzaza tchalitchi amene angamuuze mtengo wa zimenezo.

Za ine musade nkhawa kwambiri. Kampani yandipatsa okalamba ena ku Thamesmead, ndipo ndapeza kachipinda ku Barking kwa mnzanga wa kwaya. N'kakang'ono, ndipo ulendo wake ngwautali, koma mapepala pakadali pano ali bwino. Zina tidzakamba pamaso.

Nyumba ino aiika pamsika. Dzulo, ndikulongedza katundu wanga, wogulitsa nyumba anabwera ndi banja lina lachinyamata kudzaiona. Mkaziyo ndi woyembekezera, watopa kale. Atalowa m'chipinda chija anafunsa chifukwa chake siling'i ikuwala kuposa makoma. Wogulitsayo anayamba kuzungulira, poopa kuti akatchula zodontha anthu athawa. Ine ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza zonse, za mphepo, za mzere wa anthu, za chipale. Bamboyo ankangoyang'ana wotchi, koma mayiyo anakhala pamphepete pa bedi n'kumvetsera mpaka kumapeto. Ndinamuuzanso kuti chaka chilichonse masamba akatha kuyoyoka azichotsa zinyalala m'magatala chisanu chisanafike, ndipo mphepo yaikulu ikadutsa aziwoloka msewu n'kuyang'ana ngati sileti lina lasuntha. Anatulutsa foni nalemba zonsezo. Kenako anayang'ana pakona pafupi ndi windo, nauza mwamuna wake kuti kabedi ka mwana kadzakhala pamenepo.

Makiyi ndikapereka mawa. Adiresi yatsopano ndamutumizira Bonface.

Ndine mwana wanu,
Peggy